Legacy ya turbo pa misewu yathu: ndalama zochepa zipite kuti?

Amene adafufuzapo galimoto pa masamba a intaneti ogulitsa galimoto zakale za ku Japan akuchidziwa chinthu ichi. Pakati pa timagalimoto tonga Vitz, Passo ndi Mira pamatulukira chigalimoto chamsana wautali, cha mipando yawofuwofu, chokhala ndi chibowo pa boneti, koma mtengo wake osatalikirana kwenikweni ndi wa timagalimoto tija. Imeneyo ndi Subaru Legacy ya turbo, ya mtundu wa station wagon. Wachinyamata amaona liwiro, bambo wapabanja amaona buti yoti mulowe matumba a chimanga pamodzi ndi masutikesi a ana a sukulu, ndipo onsewa akuona zoona. Ine ndili nayo yotere, ndimaikonda, ndipo ndimayenda nayo pakati pa Lilongwe ndi kwathu ku Ntcheu pa malipiro a munthu wamba wa mu ofesi. N'zotheka ndithu. Koma zimatheka pokhapokha ndalama zochepazo zikamatsata ndondomeko yake: poyamba kuichiritsa galimotoyo, kenako kuikonzera misewu yathu, ndipo za kuwonjezera mphamvu zibwere kumapeto kwenikweni, ngati n'koyenera kuti zibwere n'komwe.

Yanga ndi ija nambala yake ya chasisi imayamba ndi BP5, ya giya ya otomatiki. Mtundu umenewu udatuluka ku Japan mu 2003, udapangidwa mpaka 2009, ndipo utangotuluka udalandira ulemu wa Japan Car of the Year. Injini yake ndi ya malita awiri, masilinda anayi ogona cham'mbali, awiri kumanja awiri kumanzere, imene amaitcha boxer. Ya otomatiki, EJ20X, imatulutsa mphamvu zokwana 260 PS, pamene ya manyuwo, EJ20Y, imafika 280 PS. Kuti mumvetse kukula kwa nambalazi, Corolla wamba wa malita 1.5 amasewera cha m'ma 110. Matayala onse anayi amakoka nthawi zonse. Ndipo liwiro lili m'magazi a banja limeneli: mu Januwale 1989 Legacy yoyamba idathamanga makilomita 100,000 pa bwalo loyesera galimoto ku Arizona pa liwiro lapakati la makilomita 223 pa ola, ndipo mu 1993 Colin McRae adapambana nayo mpikisano wa Rally New Zealand.

Nanga n'chifukwa chiyani imatchipa? Ku Japan galimoto imakayezedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Kuyezako amakutcha shaken, n'kofanana ndi COF yathu koma kumadya ndalama zambiri. Galimoto ya petulo ikapyola zaka 13 msonkho wake wa pachaka umakweranso. Mwini wake akaona kuti shaken yayandikira, timing belt yakwana, matayala atha, amangoigulitsa. Ndiye imene ikutsika pa doko la Dar es Salaam n'kudzalowa pa Songwe kawirikawiri imabwera ndi ngongole ya sevisi imene mwini wake wakale adaithawa, ndipo wolipira ngongoleyo ndinu. Muonjezepo msonkho wa MRA, umene umatsata zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, mudzaona kuti mtengo wa pa intaneti uja chinali chiyambi chabe. Aliyense wondifunsa ndimamuuza chimodzimodzi: ngati ndalama zanu zikungokwana kugula ndi kuombola basi, galimoto imeneyi si yanu chaka chino. Dikirani mpaka mukhale ndi yapadera ya sevisi yayikulu yoyamba.

Moyo wa turbo uli mu oilo

Turbo ndi mvukuto. Wosula makasu akafuna moto waukali amapopera mpweya m'makala, nayonso injini ikalandira mpweya wambiri imatentha petulo wambiri n'kutulutsa mphamvu zambiri. Kungoti mvukuto wa injiniwu umapopedwa ndi utsi wa injini yomweyo. Utsi potuluka umazunguza kagudumu ka mapiko, kagudumuko kali pa shafiti imodzi ndi kanzake kamene kamakankhira mpweya wabwino m'masilinda. Shafitiyo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi, utsi umene ukuizunguza umatha kupyola madigiri 800, ndipo chimene chimaifewetsa kuti isapse ndi oilo yemweyo wa mu injini, mothandizidwa ndi madzi a mu rediyeta. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, n'chifukwa chake umayamba wadutsa mu intercooler, ija imakhala pamwamba pa injini. Chibowo cha pa boneti chija ntchito yake n'kulowetsa mphepo yoziziritsa intercooler imeneyi, choncho musalole masamba ndi mapepala azitsekamo.

Kwathu kuno turbo ili ndi phindu lina limene ambiri saliganizira. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza ili cha m'ma 1,600, ndipo kumtunda kotere mpweya umakhala wopepuka. Galimoto yopanda turbo imafooka, pamene ya turbo imadzibwezera mpweya umene wasowawo. Mukafuna kupitirira thiraki pa zitunda za ku Dedza muli ndi banja lonse ndi katundu, mphamvu zija zimasanduka chitetezo, chifukwa simukhalitsa ku mbali ya eni ake ya msewu.

Zonsezi zimadalira malita anayi okha a oilo. Ine ndimasintha oilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse, osadikira kuti mwezi uthe kapena malipiro alowe, chifukwa ndalama ya oilo ndimaipatula kale. Ndimathira wa synthetic, 5W-30 monga buku limanenera, kapena 5W-40 m'miyezi yotentha, ndipo ndimagula wosatsegula, pa malo omwetsera mafuta kapena m'sitolo yodziwika. Oilo wotungidwa mu dramu kapena wa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu, kaya akhale wotchipa chotani, m'galimoto imeneyi asalowe. Oilo wotere akakumana ndi kutentha kwa turbo amapsa n'kusanduka phala lakuda limene limatseka timipata.

Kuyeza oilo pa injini ya boxer kumafuna kudekha. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, makamaka m'mawa isanalizidwe. Solorani dipisitiki, pukutani, dikirani pang'ono, bwezerani, soloraninso, ndipo muyang'ane mbali zonse ziwiri, chifukwa mbali imodzi imakonda kupakika oilo mpaka kumtunda n'kukunamizani. Khulupirirani mbali imene ikuonetsa wochepa. Kuchokera pa L kufika pa F ndi lita imodzi. Injini yakale ya turbo imadyako oilo pang'onopang'ono ngakhale isakudontha, ndipo injini zambiri zimene timamva kuti zanoka zidanoka chifukwa mwini wake adayenda mwezi wathunthu osatsegula boneti.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndikufuna aliyense wokhala ndi galimotoyi akadziwe. Kumbuyo kwa injini, mbali ya kumanja, pali bawuti yobowoka pakati imene oilo amadutsamo popita ku turbo. Amakaniko amaitcha banjo bolt. M'kati mwake muli kasefa ka waya wosalala, kosaposa nsonga ya chala chaching'ono. Makaniko wanga atakatulutsa ndi kansonga ka waya n'kukaika pa nsanza yoyera, theka lake linali lakuda bii, timabowo take titamatika ndi zinyenyeswa za oilo wakale, moti titakayang'anitsa pa dzuwa kuwala kunkangodutsa kumapeto kokha. Galimoto inali ikuyenda bwinobwino, palibe nyali imene inkayaka pa dashibodi, koma turbo inali ikumwa oilo movutikira. Ku America, komwe Legacy GT ya malita 2.5 idagulitsidwa kwambiri, kasefa kameneka n'kodziwika pa nkhani ya kupha ma turbo kakatsekeka. Ena amakachotseratu, ena amaikamo katsopano. Chilichonse chimene mungasankhe, kaoneni, ndipo pobwezera bawutiyo muikepo mawashala a kopa atsopano. Ntchitoyi ndi ya mmawa umodzi, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi turbo.

Pomwepo muuzeni makaniko amasule paipi ya ekizozi kumbuyo kwa turbo, injini itazizira, agwedeze kagudumu kaja ndi chala. Kusewera pang'ono cham'mbali kulibe vuto, koma kakamalowa ndi kutuluka, kapena mapiko ake akamakhula m'mphepete, turbo yayandikira kumanda. Utsi wabuluu ku ekizozi ndi kulira kwa likhweru lokwera mukaponda moto ndi zizindikiro zina. Turbo ikasweka muli pa ulendo, imani. Tizitsulo take timalowa mu oilo n'kukafika ku maberingi a injini, ndipo amene amangomangapo turbo ina osatsuka sampu ndi mapaipi a oilo amakhala akugula ma turbo awiri ndi injini pamwamba pake.

Kayendetsedwe nako ndi sevisi yaulere. M'mawa musaponde moto kwambiri mpaka geji ya kutentha ifike pakati. Mukachoka pa ulendo wothamanga kapena mwangomaliza chitunda chachitali monga cha Chiweta, makilomita omaliza muyende modekha, ndipo mukaima muisiye ilire kwa mphindi imodzi musanazimitse. Zikatero simufunikanso kugula kachipangizo kaja ka turbo timer.

Chachiwiri pa ndalama zanu ndi timing belt. Injini imeneyi ili ndi makamshafiti anayi oyendetsedwa ndi lamba mmodzi wamtali, ndipo lambayo akaduka mapisitoni amagunda mavavu. Ku Japan amamusintha pa makilomita 100,000, ndipo galaja imene yasintha imamata kapepala pa kava ya lambayo kapena pansi pa boneti. Kapepalako kamakhala m'Chijapani koma manambala ake amawerengeka. Mukaona chaka cholembedwa ndi H kutsogolo, onkhetsani nambalayo ndi 1988, moti H25 ndi 2013. Chikakhala cha R, onkhetsani ndi 2018. Kapepala kakasowa, kapena lamba akakhala kuti watha zaka zambiri ngakhale makilomita ali ochepa, musinthe osakambirana. Musinthenso pamodzi tenshona, mapule onse ndi pampu ya madzi, chifukwa kawirikawiri chimene chimayamba kufa ndi beringi ya pule, kenako n'kumutaya lamba wabwinobwino. Mayina odalirika pa zipangizozi ndi monga Mitsuboshi kapena Gates pa lamba, Aisin pa pampu, Koyo, NTN ndi NSK pa maberingi. Apa ndi pamene munthu wa ndalama zochepa sayenera kuumira ngakhale pang'ono.

Za madzi ndinene mwachidule. Rediyeta yake ili ndi mutu wa pulasitiki umene ukakalamba umasanduka wofiirira n'kung'aluka mosachenjeza. Mukaona mtundu umenewo, sinthani isanaboile. Galimoto ya turbo ili ndi zivindikiro ziwiri za madzi, china pa rediyeta, china pa kathanki kachitsulo kamene kali pamwamba pafupi ndi turbo. Madzi amathiridwa pa kathankiko, ndipo zivindikirozo musazisinthanitse chifukwa mphamvu zake n'zosiyana. Thiranimo coolant, osati madzi a pa mjigo, amene amasiya miyala ndi dzimbiri m'kati. Mukamva fungo la oilo wopserera mutaima pa maloboti, kawirikawiri ndi magasiketi a makava a m'mbali mwa injini akudonthezera pa ekizozi. Mukamawasintha, sinthiranitu mapulagi, poti nawo ali m'mbali momwemo ndipo kuwafikira n'kovuta.

Nkhani ya petulo ndiyo imandidetsa nkhawa kuposa zonse. Injini iyi idakonzedwera petulo wa octane yokwera amene ku Japan amagulitsidwa pa pampu yakeyake, ndipo kompuresheni ya EJ20X ndi 9.5, yokwera ndithu pa injini ya turbo ya nthawi imeneyo. Kuno pa pampu timapeza petulo wa mtundu umodzi. Petulo wa octane yotsika akapanikizidwa ndi kutenthedwa amaphulika yekha nthawi isanakwane, ndipo mukatchera khutu mumamva kulira kwa tsetsetsetse m'injini pamene mukukwera chitunda mutaponda. Injini ili ndi sensa imene imamva kulirako n'kuuza kompyuta kuti ibweze moto, koma chitetezo chimenechi chili ndi malire. Chimene chimatithandizako n'chakuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, mwambo umene udayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo ethanol amakweza octane. Komabe amaumitsa mapaipi akale a labala, choncho muziwayang'ana. Chimene sindichita, ngakhale mafuta atasowa chotani, n'kuthira petulo wa m'zigubu. Simudziwa chimene chasakanizidwamo, ndipo parafini pang'ono chabe amagwetsa octane moti pisitoni ikhoza kusweka pa chitunda chimodzi. Mizere ya mafuta ikatalika, Legacy yanga imagona pakhomo, ine ndimakwera minibasi.

Imamwanso, tisabisane. Thanki yake ndi ya malita 64. Yanga m'tawuni siipyola makilomita 8 kapena 9 pa lita, pa ulendo wautali woyenda modekha imafikako 11 kapena 12. Zimene zidapangidwa kuyambira 2006 zili ndi kabatani ka SI-Drive pafupi ndi giya. Mukakasiya pa I, galimoto imafatsa, imamwa mochepa, ndipo injini siipanikizika.

Matayala: onse anayi akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, otha mofanana. Pa galimoto yokoka matayala onse, tayala limodzi likakhala lalikulu kuposa anzake limazungulira mosiyana nawo, ndipo chipangizo chogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo chimagwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi losekandi lero, lina mwezi wamawa, pa Corolla chimapita koma pa Legacy chimathera ku giyabokosi. Ikafa pa msewu, ikwezedwe yonse pa lole. Musaikoke matayala awiri ali m'mwamba awiri pansi.

Zosintha zimene zili ndi phindu

Galimoto ikachira, m'pamene munthu angayambe kuganiza zoisintha, ndipo funso langa pa chosintha chilichonse limakhala limodzi: kodi chikuthetsa vuto liti limene ndimakumana nalo pa msewu? Vuto loyamba la Legacy kuno ndi kufupika. Pansi pake pali mpata wa masentimita pafupifupi 15, pamene mbale wake Outback, wa thupi lomwelo, ali ndi 20. Mabampu a m'makwalala athu, maenje a pa M1 nyengo ya mvula ndi msewu wafumbi wolowera kumudzi zonse zimafuna kukhudza pansi pa injini. Ndalama yoyamba yosinthira ndidaipereka kwa owotcherera, amene adandidulira chitsulo chophwatalala n'kuchimanga ndi mabawuti pansi pa sampu, n'kusiya bowo lotsitsira oilo komanso mipata yoti mphepo izidutsa. Nditachimasula tsiku lina pa sevisi ndidapeza mikwingwirima yakuya ndi chibonyongo chimodzi pakati penipeni. Chibonyongo chimenecho chikadakhala pa sampu.

Kenako matayala. Legacy ya turbo, imene amaitcha GT, imabwera ndi 215/45R17, ndipo mtundu wake wa spec.B umabwera ndi marimu a mainchesi 18, okongola koma osakhalitsa pa maenje. Ine ndidapita pa 215/50R17. Khoma la tayala limatalikirapo ndi sentimita imodzi, galimoto imakwera ndi sentimita yomweyo, rimu imatetezeka, ndipo kugunda kwa maenje kumafewa. Muonetsetse kuti sakukhula mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo mukumbukire kuti geji ya liwiro iziwerenga mochepera pang'ono: ikamati 100 ndiye kuti muli cha m'ma 103, zimene apolisi a kamera sangakumvereni. Ofuna kukwezanso amaika masipesa a masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa mashoko, bola akatero akapimitse alayimenti. Kupitirira apo ma CV joint amayamba kuvutika. Ndipo poti tatchula ma CV, labala ya m'kati ya kutsogolo kumanja ili pafupi ndi paipi yotentha ya turbo, imang'ambika msanga. Mukaipeza msanga mumangosintha labala ndi girizi, mukachedwa mumagula shafiti yonse. Mabushi a kutsogolo ndi maberingi a matayala a kumbuyo nawo amatha, ndipo kuwasintha kumaibwezera galimoto kukhazikika kumene anthu amakufuna pogula masipulingi odula.

Mabuleki ndidawapatsa mapadi abwino ndi brake fluid watsopano wa DOT 4. Ambiri sasintha madzi a mabuleki mpaka kalekale, chonsecho amayamwa chinyezi, ndipo potsika mtsetse wautali monga wa Khwekhwelere kapena wa Thabwa popita ku Chikwawa amatha kuwira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Galimoto yothamanga chonchi iyambe yadziwa kuima. Ndidaikanso mageji awiri ang'onoang'ono, ya mphamvu ya oilo ndi ya boost, yomwe ndi mphamvu ya mpweya umene turbo ikukankhira m'injini. Saonjezera liwiro, koma amalankhula vuto lisanakule. Ya boost ikayamba kuonetsa mochepera kuposa masiku onse, ndimadziwa kuti paipi ina yang'ambika kapena intercooler, imene ili ndi m'mbali mwa pulasitiki, yayamba kutaya mpweya. Chomaliza chinali wailesi. Ya ku Japan imagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene mawailesi athu ambiri ali kumtunda kwa pamenepo, ndiye mumasankha kuika ka band expander kapena kugula wailesi ina.

Tsopano zimene ndimakana, ngakhale achinyamata a pa galaja amandinyengerera kuti bwana, galimoto iyi ikufunika izilira. Choyamba ndi blow-off valve, kaja kamalira kuti psss mukachotsa phazi. Injini iyi imayeza mpweya wonse polowa ndi sensa yotchedwa MAF, n'kuthira petulo molingana ndi mpweyawo. Valavu ya fakitale imabwezera mpweya wotsala m'kati momwemo, pamene yaphokosoyo imautayira kunja, kompyuta osadziwa, ndiye petulo amachuluka, galimoto imatsamwa, mapulagi amada. Mwalipira ndalama kuti galimoto iziyenda moipa. Chachiwiri ndi fyuluta ya mpweya yooneka ngati chisoti, ija imakhala poyera m'chipinda cha injini. Imakoka mpweya wotentha, ndipo pa fumbi la mwezi wa Okutobala imalowetsa dothi limene limadya mapiko a turbo. Yopakidwa mafuta imadetsanso MAF. Bokosi la fakitale ndi fyuluta ya pepala yosinthidwa pafupipafupi n'zokwanira, ndipo MAF ikada imatsukidwa ndi sipuleyi yakeyake, osaikhudza ndi chala.

Chachitatu, chimene ndimachiopa kwambiri, ndi kabawuti kopotokola kokwezera boost. N'kotchipa, kumanga kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo tsiku loyamba galimoto imaulukadi. Koma mwaonjezera mpweya ndi kutentha pa injini ya zaka pafupifupi 20, ya kompuresheni yokwera, yomwa petulo wosafika pa muyezo umene idakonzedwera, pampu yake ya petulo ili yokalamba. Mphamvu zoonjezera zimafuna kuti kompyuta ya injini ilembedwenso ndi katswiri amene akuyeza injini yanuyo, pa petulo amene mumathira, osati fayilo yotengedwa pa intaneti yokonzedwera petulo wa dziko lina. Ndikadakhala ndi ndalama ya katswiri wotere, ndikadamupempha kuti aikonzere injini petulo wathu kuti izikhalitsa, ngakhale mphamvu zitatsikako. Palinso ena ofuna kulira kuja kwa dududu kumene Subaru zakale zimadziwika nako. Kulirako kunkachokera ku mapaipi a utsi otalika mosiyana, pamene BP5 ili ndi mapaipi ofanana kutalika odyetsa turbo ya njira ziwiri, ya twin-scroll, imene imadzuka msanga. Kusintha zimenezi n'kuwononga chinthu chabwino ndi ndalama zambiri.

Masipeya ndi makaniko

Masipeya a Subaru sapezeka paliponse ngati a Toyota, ndipo popeza amagulidwa kunja, mtengo wake umatsata dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tidazimva m'thumba. Njira yanga ndi yogula pang'onopang'ono vuto lisanafike: mwezi uno fyuluta ziwiri, mwezi wamawa mapadi, mwezi winawo pule imodzi ya timing, zonse m'katoni ya kuchipinda. Tsiku la sevisi yayikulu likafika ndimangolipira ntchito ya manja. Zosekandi zili ndi malo ake. Nyali, zitseko, alitaneta, sitata, ngakhale injini yathunthu zimapezeka m'magalaja a ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Limbe, ndipo zosowa anthu amaitanitsa ku Dar es Salaam, Nairobi, komwe Subaru ndi zambiri, Johannesburg kapena Dubai. Koma lamba, mafyuluta, mapulagi, mapadi ndi mapaipi a labala zikhale zatsopano. Poitanitsa perekani nambala yonse ya chasisi, chifukwa dzina la BP5 lili pa Legacy zonse za wagon za malita awiri, za turbo ndi zopanda turbo zomwe, ndipo zipangizo zake zimasiyana. Nambala yomweyo muigwiritsenso ntchito kufufuza ngati airbag ya mbali ya wokwera idasinthidwa, poti Legacy za zaka zimenezi zidali m'gulu la galimoto zoitanidwa pa vuto la ma airbag a Takata.

Makaniko akhale mmodzi, woidziwa injini ya boxer, wokhala ndi kompyuta yotha kuwerenga Subaru komanso sipanala yoyezera kulimba kwa mabawuti. Pomusankha mufunseni mmene amaikira zizindikiro za timing pa makamshafiti anayi, ndiponso mmene amatulutsira mpweya m'madzi akasintha rediyeta. Wodziwa amafotokoza mosakayika, mwinanso n'kukuonetsani pa injini ina imene ili pansi. Mukampeza, mlipireni bwino ndi pa nthawi yake, muzikhalapo pamene akugwira ntchito, ndipo zonse zimene zasinthidwa muzilemba m'kabuku pamodzi ndi makilomita ake. Kabukuko kadzakuthandizaninso tsiku logulitsa.

Kwa amene mukufuna galimoto yongothira mafuta n'kumapita, yoti aliyense pakhomo aziyendetsa ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo aziigwira, gulani Fielder kapena Probox, simudzadandaula. Legacy ya turbo ndi ya munthu amene amatsegula boneti sabata iliyonse ndipo angathe kuisiya pakhomo petulo wabwino akasowa. Ngati ndinu wotero ndipo mwaigula kale, mwezi uno musagule marimu kapena ekizozi yaphokoso. Pitani nayo kwa makaniko, akaone kasefa ka mu banjo bolt ndi kapepala ka timing belt, ndipo musinthe oilo.